Kuzokota pa galasi ndi pa chitsulo: leza, Dremel kapena kirimu?

Musanagule chipangizo chozokotera, onani kaye zimene makasitomala anu amabweretsa kawirikawiri. Ndi matambula a ukwati, kapena ndi zikho, mphete ndi timapuleti ta mayina? Makina okhoza pa galasi nthawi zambiri amakanika pa chitsulo.

Leza ndi makina olemba ndi kuwala kwamphamvu, ndipo ilipo ya mitundu ingapo. Ya CO2 imalemba bwino pa galasi ndi pa matabwa, koma chitsulo chosapentedwa chimabweza kuwala kwake, ndiye mumayenera kupoperapo kaye mankhwala ngati CerMark kuti zilembo zigwire. Ya fiber ndi katswiri pa sitilo, mkuwa ndi aluminiyamu, ngakhale tizilembo tam'kati mwa mphete imatulutsa mwaudongo, koma pa galasi loyera kuwala kwake kumangopyola osasiya kanthu. Timaleza totchipa ta diode tomwe tadzaza pa intaneti nato timapyola galasi pokhapokha mutalipaka penti. Otsatsa malonda zimenezi sakonda kuzitchula.

Kamakina kozungulira ka m'manja ngati Dremel kamagwira konsekonse: kamutu ka dayamondi pa galasi, ka carbide pa chitsulo. Kamatha kuzungulira kopitirira ka 30,000 pa mphindi, choncho pa galasi muzidonthezera madzi kuti lisatenthe komanso fumbi lisakuloweni m'mapapo. Kamene kali ndi batire kamakupulumutsani magetsi akathima. Vuto lake ndi dzanja lanu lomwe. Mukapatsidwa matambula 100, loyamba ndi lomaliza sadzafanana, ndipo akuchikwati amaona msanga.

Pa oda yotere, kirimu wodya galasi ngati Armour Etch ndi wachangu: mumamata sitika yoboola kale zilembo, n'kupaka kirimuyo, n'kutsuka pakapita mphindi zochepa. Amangosiya zilembo zotuwa pamwamba osalowa m'kati, ndipo pa magalasi ena ophikira a Pyrex sagwira bwino. Mu kirimuyu muli mankhwala oopsa a fluoride olowerera pakhungu, ndiye magolovesi musawasiye.

Ofuna zilembo zakuya ndi zofanana amapopera mchenga ndi kompuresa. Mchenga wa kudambo ayi, fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo otchedwa silicosis; gulani mchenga wapadera wa aluminium oxide.

Kwa woyamba kumene, ine ndingasankhe Dremel ndi botolo la kirimu, leza idzabwere maoda akachuluka. Yesererani pa mabotolo akale, koma galasi lolimbitsidwa ngati la pazenera la galimoto musalizokote mozama chifukwa limaphulika lonse kukhala tizidutswa.