Waya wa nkhuku pa mabedi a ndiwo: amaletsadi amphaka?

Dothi la kuno ku Salima, makamaka kutsikira cha ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, ndi lamchenga, ndipo mchenga wouma wofukulidwa kumene ndiwo mphaka amaufunafuna akafuna kudzithandiza. Munthu akalima bedi madzulo, nkusalaza bwinobwino, nkufesa mpiru kapena chayinizi, wakonzera amphaka a mudzi wonse chimbudzi. M'mawa apeza mbewu zafukulidwa, timilu tamchenga apa ndi apo, fungo lili guu. Mwa zinthu zogulidwa ndi ndalama zimene anthu amayesa pofuna kuthana ndi vutoli, chimene taona kuti nchoyenera kuchiunika mofatsa ndi waya wa nkhuku, uja wa maso angati zisa za njuchi amene amagulitsidwa m'mashopu a zipangizo zomangira pa Kamuzu Road ndi pa boma la Nkhotakota. Chigamulo chathu tinene poyambirira pomwe: wogonekedwa pansi amagwira ntchito kwambiri, koma woimika ngati mpanda ndi kutaya ndalama ngati mdani wanu ndi mphaka.

Wayayu amabwera m'mipukutu, kawirikawiri ya mamita 30, ndipo mashopu ambiri amalola kudulirako pa mita. M'lifupi mumapezeka wa masentimita 90, 120 kapena 180. Maso ake ali mitundu itatu yodziwika: aang'ono a mamilimita 13, apakati a mamilimita 25, ndi aakulu a mamilimita 50. Pa ntchito ya amphaka sankhani wa maso 50, kapena 25 ngati winayo palibe. Wa maso 13 ndi wokwera mtengo pachabe, ndiponso masamba amakodwamo. Mphaka safunika kutsekeredwa ngati mwanapiye. Chofunika nchakuti akaponda amve chitsulo m'mapazi, akafuna kufukula zikhadabo zikodwe. Mphaka amene walephera kukumba sakhala pansi, amapita kwina.

Pogula musangoyang'ana kunyezimira. Kunenepa kwa waya kumalembedwa ndi nambala imene imasocheretsa anthu ambiri: nambala ikakula waya ndiye kuti ngwowonda. Wa nambala 20 ngwolimba kuposa wa 22. Ngati pampukutu sanalembepo kanthu, gwirani diso limodzi ndi zala ziwiri nkufinya. Likaphwafuka mosavuta ngati chitini cha chakumwa, ameneyo sapirira dzinja limodzi. Onaninso pamene mawaya awiri apotana, chifukwa dzimbiri limayambira pamenepo. Mpukutu umene waonetsa kale kufiira m'mapindo ukadali m'shopu usiyeni, ngakhale wogulitsa atachotserako. Chinyezi cha kunyanja kuphatikizapo kuthirira kawiri pa tsiku zimadya waya wowonda msanga kwambiri, ndipo ichi ndicho chilema chachikulu cha katunduyu kuno kwathu.

Kagonekedwe kake nkosavuta koma anthu amalakwitsa pa zinthu zing'onozing'ono. Titenge bedi la mita imodzi m'lifupi, mamita 5 m'litali. Gulani waya wa masentimita 120, mudule mamita 5 ndi theka. Masentimita 10 otsala mbali iliyonse mupinde kuloza pansi nkukwirira m'mphepete mwa bedi, kuti nsonga zakuthwa zisabaye mwana kapena wothirira, komanso kuti mphaka asalowetse dzanja kunsi nkutukula. Mpukutu umodzi wa mamita 30 umakwana mabedi 5 otere. Waya wochoka mumpukutu amafuna kubwerera m'mene analiri, choncho mutambasule pabwalo mozondotsa, mumuponde ndi thabwa mpaka agone, kenako nkupita naye kudimba. Zikhomo zikhale zopindika ngati mbedza yowedzera, zotalika masentimita 25. Masipoko akutha a njinga, amene okonza njinga za kabaza amangotaya, ndi abwino zedi pa ntchitoyi. Mu mchenga chikhomo chachifupi sichigwira, chimazuka mukangothira madzi. Khomani chimodzi pa masentimita 50 aliwonse mbali zonse ziwiri, ndi zina 5 kapena 6 pakati pa bedi, zonse pamodzi zikhale ngati 28. Zapakatizo ndizo anthu amaiwala, ndiye waya amatukuka ngati msana wa fulu, mphaka nkumakwawira pansi pake bwinobwino.

Pa mbewu zowokera monga mpiru, repu, tomato ndi kabichi, gonekani waya kaye, kenako dulani bowo la masentimita 10 pa phando lililonse nkupinda nsonga zake kuloza pansi. Bowo likachepa, tsinde likamakula limakhuzika ndi waya, ndipo mwera ukamawomba mwezi wa June ndi July chilonda chimenecho chimakula mpaka mbewu kuthyoka. Pakatha milungu 3 kapena 4 masamba amakhala ataphimba nthaka ndipo mphaka sakhalanso ndi chidwi. Pa mbewu za masamba ochepa mutha kumusiya mpaka kukolola, koma dziwani kuti kupalira ndi khasu kwatha, udzu muzizula ndi manja kudzera m'maso a waya. Pa bedi limodzi kapena awiri si nkhani, koma kwa mlimi wa mabedi 20 ndi ntchito yogwetsa ulesi.

Anyezi, karoti ndi mbatata musazigonekere waya pansi. Mutu wa anyezi ukakulira m'diso la waya umamangika pakati, ndipo pokolola mumasankha kudula waya kapena kuwononga anyezi. Pa mbewu zimenezi, komanso pa nazale, pindani nsungwi zong'alula zikhale ngati uta, zotalikirana mita imodzi, msinkhu wa masentimita 40, nkuyala waya pamwamba pake. Kumapeto konse kuwiri tsekani. Mukasiya kotsegula mwamumangira mphaka kanyumba kamthunzi, ndipo mwezi wa October kukatentha adzagonamo masana ndi kudzithandiziramo usiku. Njira ya utayi ili ndi phindu lina: nkhuku za oyandikana nawo nazo zimalephera kupalasa, ndipo mutha kuyala udzu pamwamba pa waya kuti mbande zisapse.

Nanga woimika? Mphaka wamkulu wathanzi amadumpha kupitirira mita imodzi ndi theka ataima malo amodzi, ndipo maso a waya kwa iye ndi makwerero. Mpanda wa masentimita 90 kapena 120 umaletsa nkhuku ndi abakha basi. Amene akufunitsitsa mpanda atenge wa masentimita 180, asiye masentimita 40 akumwamba opanda chochirikiza, opendekera kunja, kuti mphaka akafika pamenepo waya agwedezeke nkumubweza. Zimathekadi, koma waya wofunika kuzungulira dimba lonse ngwambiri, ndipo mtengo umodzi wa mango kapena denga la bafa loyandikira mpanda zimawononga ntchito yonse. Tikuwonjezerapo kuti waya woimika amaonekera kutali, ndipo alipo anthu ofuna khola la nkhuku amene alibe ndalama yogulira.

Musanagoneke waya chotsani chimbudzi chonse chimene chilipo kale, pamodzi ndi dothi lochizungulira, chifukwa fungo ndilo limaitana mphaka kubwerera pamalo omwewo. Apa tiimepo pang'ono, pakuti anthu ambiri amaona ngati vuto ndi fungo lokha. Chimbudzi cha mphaka chimatha kukhala ndi kachilombo kotchedwa Toxoplasma gondii. Timazira take sitipatsira matenda tikangotuluka kumene, timafuna tsiku limodzi mpaka masiku 5 kuti tikhwime, koma tikakhwima timakhala m'dothi lachinyezi miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Ndiye kuchotsa tsiku ndi tsiku kumathandiza kwambiri kuposa kudikira Loweruka. Munthu wathanzi akatenga kachilomboka nthawi zambiri sadziwa nkomwe. Koma mayi woyembekezera akakatenga koyamba atha kupita padera kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo, ndipo kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri chifukwa cha HIV kamatha kuyambitsa matenda a mu ubongo. Anthu awiri amenewa asagwire ntchito yochotsayi. M'chimbudzi cha mphakacho mulinso mazira a njoka zam'mimba, amene ana amameza akamasewera pa mchenga nkuika zala m'kamwa, ndi timphutsi tina timene timalowa pakhungu la munthu woyenda chosavala nsapato nkusiya kamzere kofiira kokhotakhota koyabwa kwambiri. Timphutsi timeneti timakonda mchenga wofunda wachinyezi, ndendende wa m'madimba a kunyanja. Gwiritsani ntchito fosholo kapena valani jumbo m'manja, katayeni m'chimbudzi chokumba kapena kwirirani dzenje lakuya theka la mita kutali ndi chitsime, nkusamba m'manja ndi sopo. Pa mulu wa manyowa musaikepo, kutentha kwa mulu wapakhomo sikupha timazirato. Tomato, anyezi ndi kabichi zodya zosaphika zitsukidwe bwino ndi madzi oyera.

Zina zimene anthu amayesa m'malo mwa waya tizidutse mwachangu. Makoko a mandimu ndi malalanje amathandiza masiku awiri, dzuwa la kuno likawaumitsa fungo latha. Tsabola wopera amachoka ndi madzi othirira ndipo amalowa m'maso mwa mphaka ndi mwa ana omwe. Mankhusu a mpunga, amene ndi osasowa ku Lifuwu ndi ku Bua, ndi abwino posunga chinyezi koma mphaka amawakonda ngati mchenga womwe, choncho pa vutoli amangowonjezera. Mapesi aatali oyalidwa mothithikana ndi nthambi za minga za masawu ndizo zimafanako ndi waya, ndipo nzaulere, kungoti minga imabaya wothirira ndipo mapesi amaitana chiswe. Neti ya udzudzu isiyeni pabedi logonapo, kuno malungo ndi oopsa kuposa mphaka. Za tameki ndi mankhwala ena a makoswe oika mu usipa tisazikambe ngati njira: zimapha nkhuku, agalu, akadzidzi odya makoswe, ndipo zili pafupi ndi manja a mwana. Mphaka wa mnzanu akafa motero mlandu umafika kwa amfumu, ndipo pakatha mwezi mphaka wina amakhala atatenga malo a womwalirayo.

Pamenepa ndi pamene waya amathera mphamvu. Amateteza bedi, koma sachepetsa amphaka, ndipo amene wakanidwa pa bedi lanu amasamukira pa bwalo losewerera ana kapena pansi pa thandala la usipa. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 mpaka 6, bere limakhala masiku ngati 63, ndipo amaswa kawiri kapena katatu pa chaka, ana ngati 4 nthawi iliyonse. Ena mwa amphaka ovutitsa m'madimba ndi ana amene mwini anawataya kumsika kapena kugombe. Mwini mphaka ndiye ali ndi mankhwala enieni, ndipo si okwera mtengo kuposa waya. Akumbe kadzenje ka masentimita 60 mbali zonse, kuya masentimita 20, pakona yabata ya mpanda wake pamene mvula sifika, athiremo mchenga wouma, aikemo kachimbudzi kamodzi ka mphakayo kuti adziwe malo, nkumachotsa tsiku lililonse. Mchenga ausinthe pa milungu iwiri. Azimupatsa chakudya madzulo nkumutsekera m'khitchini kapena m'sitolo usiku, mmene mulinso makoswe amene anamuwetera.

Katemera wa chiwewe ndi wa amphaka omwe, osati agalu okha, kamodzi pa chaka kuyambira ali ndi miyezi 3. Alangizi a ziweto a boma amabaya, makamaka nthawi ya kampeni, ndipo tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse ndi 28 September. Mankhwala a njoka zam'mimba aperekedwe pa miyezi 3 iliyonse molingana ndi kulemera kwa mphaka. Kufula wamwamuna kumachepetsa kuyendayenda, ndewu za usiku ndi kukodzera makoma. Opaleshoni yotseka wamkazi imafuna dokotala wa ziweto weniweni, ndipo bungwe loteteza ndi kusamalira zinyama la LSPCA ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, limachita ntchito imeneyi. Zinthu ziwiri mwini mphaka asayese: Panado amapha mphaka ngakhale chidutswa chochepa, ndipo mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin amamugwetsa khunyu. Mphaka wosamudziwa akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 nkupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa amene ali ndi mabedi osapitirira 5 kuseri kwa nyumba, waya wa nambala 20, maso 50, m'lifupi masentimita 120 ndi wogula osadandaula. Mukakolola mumuzule, mugwedeze dothi, muumitse, mukulunge nkupachika pansi pa denga, osati kumusiya pa bedi dzinja lonse. Akayamba kuthyokathyoka musamukwirire m'munda, tizidutswa tadzimbiri timabaya phazi ndipo bala lakuya lodetsedwa ndi dothi ndilo khomo la kafumbata. Kwa mlimi wa dimba lalikulu la malonda, gulani mamita 6 okha a pa nazale, kwinako yalani mapesi ndipo muzithirira madzulo kuti nthaka igone yonyowa, pakuti mphaka sakonda kukumba m'matope.