Kope, Excel kapena DWSIM: tiwerengere pati zolowa ndi zotuluka pofinya mafuta?

Chaka chatha gulu lathu la ofinya mafuta kuno ku Mchinji linatsala pang'ono kupasuka chifukwa cha makilogalamu 27 a mtedza. Tinagula mtedza wosenda makilogalamu 500, tinauyanika masiku angapo, ndipo titaubweza pa sikelo unakwana 473 basi. Amayi amene amasunga makiyi a mosungira katundu analira pamsonkhano, poti maso onse anali pa iwo. Chonsecho palibe anaba. Mtedzawo tinaugula uli ndi chinyontho cha 12 peresenti, ndipo tinauumitsa mpaka 7 peresenti kuti usachite chuku. Ndiye kuti mwa 500 aja, 60 anali madzi, 440 mtedza weniweni. Mtedza weniweniwo suchepa ngakhale dzuwa liwombe motani, koma ukauma umakhala 93 peresenti ya kulemera konse. Gawani 440 ndi 0.93, mupeza 473. Makilogalamu 27 aja anapita ndi dzuwa.

Masamu amenewa ndi amene mainjiniya a m'mafakitale amawatcha material balance, ndipo maziko ake ndi lamulo limene Antoine Lavoisier wa ku France analifotokoza cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700: chinthu chimatha kusintha maonekedwe, koma kulemera kwake sikungozimiririka. Zimene zalowa m'makina ziyenera kufanana ndi zimene zatuluka, kuphatikizapo zimene zatsalira m'katimo. Chichokereni mkangano uja ndayesa njira zitatu zowerengera, ndipo anzanga a ku Mkanda ndi ku Kasungu amene ali ndi makina ngati athu akhala akundifunsa kuti yabwino ndi iti.

Ndiyambe ndi kope ndi cholembera, chifukwa ndi imene anthu amaipeputsa. Mumajambula bokosi kuimira makina, muvi umodzi wolowa, mivi iwiri yotuluka: mafuta ndi keke, zotsalira za mtedza mukaufinya. Kenako mumafuna chinthu chimene chimalowa n'kutulukira khomo limodzi lokha. Poyanika, chinthucho ndi mtedza wopanda madzi. Pofinya, ndi zonse zimene si mafuta, popeza zimenezo zimathera mu keke. Mtedza umakhala ndi mafuta pafupifupi theka la kulemera kwake. Tiyerekeze kuti wathu uli ndi makilogalamu 46 a mafuta pa 100 alionse. Zotsala ndi 54. Ngati makina akufinya bwino n'kusiya 10 peresenti ya mafuta mu keke, keke ikhala 54 kugawa ndi 0.90, zomwe ndi makilogalamu 60, ndipo mafuta ndi 40. Lita imodzi ya mafuta a mtedza imalemera pafupifupi makilogalamu 0.91, choncho mudzaza malita 44. Koma chitsulo chofinyira chikaperepeseka, keke n'kumatuluka ndi 15 peresenti, keke imakwera kufika 63.5 ndipo mafuta amatsika kufika 36.5, kapena malita 40. Malita anayi pa makilogalamu 100 alionse mukugulitsa pa mtengo wa chakudya cha nkhumba ndi nkhuku.

Ubwino wa kope sikuti ndi kutchipa kokha ayi, kapena kuti silisowa magetsi. Ndi lokhalo limene limakukakamizani kuona kuti zimene simukuzidziwa ndi zingati. Pa bokosi lathu lija pali masamu awiri okha amene mungalembe: a kulemera konse ndi a mafuta. Masamu awiri amapeza zinthu ziwiri zosadziwika, osapitirira apo. Mukakhala kuti simukudziwa mafuta a mu mtedza, mafuta a mu keke, komanso simunayeze keke pa sikelo, pepalalo limakuonetsani msanga kuti mwaima, pitani mukayeze kaye. Ndiponso kope mutha kuliika patebulo pamsonkhano, aliyense n'kutsatira ndi chala. Amayi aja anawomboledwa ndi tsamba la kope, osati kompyuta.

Kuipa kwake kumaoneka pa tsiku lachitatu. Lero mtedza, mawa mpendadzuwa, mkuja soya amene mafuta ake ndi pafupifupi 20 peresenti yokha, ndipo gulu lililonse la matumba lili ndi chinyontho chake. Kubwereza masamu omwewo kakhumi pa sabata kumatopetsa, ndipo munthu wotopa amalemba 0.39 pomwe amafuna 0.93.

Apa ndi pamene Excel, kapena LibreOffice Calc imene ndi yaulere ndipo sifuna intaneti, imapambana. Mumalemba fomula kamodzi, kenako tsiku lililonse mumangolowetsa zimene sikelo yanena. Chimene chinandikopa kwambiri ndi Goal Seek, imene imapezeka mu mapulogalamu awiri onsewa. Mumaiuza kuti wogula wa ku Lilongwe akufuna malita 200, iyo n'kubwerera chakumbuyo kukuuzani mtedza wosauma umene muyenera kugula. Pakatha miyezi ingapo mumakhalanso ndi mbiri: mzere wa keke ukayamba kukwera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, mumadziwa kuti chitsulo chija chikutha makina asanayambe n'komwe kulira mwachilendo. Kope silingakuonetseni zimenezo mosavuta.

Koma Excel ili ndi vuto limodzi limene limandidetsa nkhawa kwambiri: sikana chilichonse. Mukalemba malita pamalo a makilogalamu, imalandira. Mukangoganizira kuti keke ili ndi 8 peresenti ya mafuta musanayeze, imalandira, n'kukupatsani yankho la manambala anayi pambuyo pa kadontho, looneka ngati lachokera ku labotale. Ndinaonapo pepala la gulu lina limene mafuta ndi keke zinkaposa mtedza wolowa ndi makilogalamu anayi, ndipo linasindikizidwa n'kupita kwa obwereketsa ndalama popanda wozindikira. Chinanso ndi zotsalira pa sefa. Ife timazibweza m'makina chifukwa zimakhala zikadali ndi mafuta ambiri. Mukazilemba mmene zimayendera, zotuluka zimasanduka zolowa, ndipo Excel imadandaula kuti fomula ikudzizungulira yokha mpaka mutatsegula iterative calculation, imene imailola kuwerengera mobwerezabwereza. Pa kope vuto limeneli kulibe: mumangojambula bokosi lalikulu lozinga makina ndi sefa pamodzi, zobwezazo n'kukhala nkhani ya m'kati imene siidutsa malire. Nzeru imeneyo ndi ya pa pepala, ndipo ndi imene ndinaisamutsira mu Excel.

Njira yachitatu, DWSIM, anandionetsa ndi mphwanga amene akuphunzira chemical engineering ku MUST, ku Thyolo. DWSIM ndi pulogalamu yaulere imene anaiyambitsa Daniel Medeiros wa ku Brazil, ndipo imagwira ntchito yofanana ndi Aspen Plus, imene laisensi yake ndi ya mayunivesite ndi makampani akuluakulu, osati ife. Mumakoka zithunzi za matanki, mapampu ndi mapaipi n'kuzilumikiza, iyo n'kuwerengera kulemera ndi kutentha nthawi imodzi. Pa zamadzimadzi ndi mpweya ndi yodabwitsa. Ganizirani za ethanol amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku molasses wa nzimbe. Kumeneko kudziwa zolowa sikukwanira. Muyeneranso kudziwa kuti pa kutentha kwakuti, ethanol wochuluka bwanji auluka ngati nthunzi ndipo madzi ochuluka bwanji amutsatira. DWSIM imadziwa kuti kutcheza wamba, kaya mubwereze kangati, kumaima pa ethanol wa pafupifupi 96 peresenti. Zimenezo pa kope mungagonerepo.

Titaiyesa pa mtedza wathu, zinali zina. Pulogalamuyi imayamba ndi kukufunsani makemikolo amene ali m'zinthu zanu, ndipo pa mndandanda wake palibe mtedza, palibe keke. Tinakhala madzulo onse tikupanga zinthu zongoyerekezera, mapeto ake tinaiuza tokha kuti mafuta agawikane motani, iyo n'kutibwezera 40 ndi 60 yemwe uja wa m'kope. Kwa wophunzira amene akuloza ku fakitale ya ethanol, ya feteleza kapena yoyenga mafuta ndi hexane, kemikolo yosungunula mafuta imene imasiya mafuta osakwana 1 peresenti mu keke, ndikuti aiphunzire ndithu, ndipo ayambe lero. Kwa ife a makina amodzi ndi sefa imodzi, ndi kubwereka thirakitala kuti ulime dimba la masamba.

Ndiye ife timachita chonchi. Mbewu yatsopano ikabwera, kapena tikasintha kalikonse pa makina, bokosi limajambulidwa m'kope ndipo anthu awiri amawerengera payekhapayekha. Akagwirizana, masamuwo amalowa mu LibreOffice pa laputopu ya gulu. Kumapeto kwa mzere uliwonse tinaikako danga limodzi lotchedwa "kusiyana": zolowa kuchotsa zotuluka. Silikhala ziro, chifukwa makina akatentha madzi ena amauluka ngati nthunzi ndipo mafuta pang'ono amamatirira m'zidebe. Tinagwirizana kuti likapitirira makilogalamu awiri pa 100, dangalo lizifiira. Likafiira, timayamba taika chigubu cha madzi cha malita 20 pa sikelo, titachotsera kulemera kwa chigubucho, kuti tione ngati ikuwerenga 20. Kenako timayeza chinyontho, kenako timatsegula makina. Dzina la munthu limatchulidwa zitatuzi zikatha.