Miyezi 11 ndili ndi Pentax K1000 kuno ku Nchalo

Dzulo mlamu wanga wafika kuchokera ku Johannesburg ndi zithunzi za mafilimu anga atatu, pamodzi ndi risiti yotsukitsira. Nditaona risitiyo ndinayamba ndakhala pansi. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona chigulireni kamera ya filimu imeneyi, Pentax K1000, poti ambiri mumandifunsa mukandiona nayo pamsika.

Mtundu umenewu unkapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ndipo zonse umachita ndi manja: kupotokola lenzi mpaka munthu aoneke bwino, kusankha kukula kwa kabowo kolowera kuwala, kusankha liwiro la shata (kachitseko kotseguka n'kutsekeka kuti kuwala kufike pa filimu) kuyambira sekondi imodzi mpaka 1/1000, kenako kukoka filimu ndi chala chachikulu. Kabatire ka LR44 ntchito yake n'kuyendetsa kasingano koyeza kuwala basi. Kakatha, kamera imajambulabe. Koma ilibe pozimitsira, ukaiwala kuvundikira lenzi kabatire kamangodyeka. Fumbi silinaichite kanthu. Mu Okutobala foni yanga inkatentha mpaka kukana kujambula, iyi ayi ndithu.

Chomwe ndimaikondera kwenikweni ndi nkhope za anthu. Kamera yodzisankhira yokha ikaona kuwala kochuluka imathamangira kuchepetsa. Pitani pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa dzuwa lili paliwombo, madzi a Shire akunyezimira, mujambule msodzi ali m'bwato. Madzi atuluka okongola, msodziyo ngati chitsa chopserera. Ine ndimatsegula kabowo kuchoka pa f/16 kufika pa f/8 (nambala ikachepa, kabowo kamakula), madzi ayere mmene angayerere, bola munthu aoneke. Pa ukwati n'chimodzimodzi, diresi loyera lija limapusitsa makina koma diso langa silipusitsika.

Tsono nali vuto. Bambo amene anandigulitsa ku Limbe analumbira kuti kamerayi yangokonzedwa kumene. Filimu yoyamba ndinajambula chinkhoswe cha msuweni wanga ku Ngabu. Ndinadikira masabata 6 kuti zithunzi zibwere, azakhali akundifunsa Lamulungu lililonse. Zitabwera, pafupifupi theka zinali ndi mzere wofiira ngati lawi la moto kumbali, pa china mzerewo unadutsa pamaso pa ankhoswe enieniwo. Manyazi ake sindidzaiwala. Nditatsegula chitseko cha kumbuyo ndinapeza kuti kasiponji kotchinga kuwala kanasungunuka kalekale, kakumata ngati phula. Si mlandu wa opanga, siponji ya zaka zambiri chonchi imatha. Mlandu ndi wa amene anati aikonza.

Nditawaimbira anangoti, "Achimwene, limenelo ndi dzuwa la kwanu kuchigwako." Inde kuno kumatentha, koma siponji singasanduke phula m'masabata ochepa chonchi. Ndinaipala ndekha ndi kamtengo ka machesi ndi spiriti, m'timizere ta chitseko n'kuikamo ulusi wakuda womwe mayi a kunyumba amalukira majuzi. Mafilimu afika dzulowa alibe mzere ngakhale umodzi. Muli nyala yamphongo yomwe ndinaijambula ku Lengwe itaima mumthunzi, ndaiyang'ana kosawerengeka.

Ndikayang'ana nyalayo ndimati kamerayi sindidzaigulitsa. Ndikayang'ana risiti, maganizo amasintha. Filimu imodzi ndi zithunzi 36 zokha, ndipo uyenera kuigula, kuisunga mufiriji kuti kutentha kusaononge mitundu, kuitumiza, kuitsukitsa, n'kudikira. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira kunja chimapweteka. Amene mukufuna kamera yopezera ndalama pa maukwati, gulani ya digito yomwe ili ndi chilembo M pa gudumu lake, chotanthauza kuti zonse ukuchita ndi manja, muzisankha nokha kuwala popanda kulipira chithunzi chilichonse. K1000 ine ndimaitulutsa kamodzi pamwezi.

Bambo aja anadzavomera kundibwezera K20,000 pa K180,000 yomwe ndinapereka, ati andiponyera pafoni. Papita miyezi 7. Loweruka likubwerali ndikukwera minibasi ya ku Blantyre, ndipo chithunzi cha ankhoswe chija ndachiika kale m'chikwama.