Chiopsezo cha imfa pa msinkhu wanu: tebulo liti lodalirika?

Anzanga amene akuganiza za inshuwalansi ndi penshoni akhala akundifunsa komwe angaone chiopsezo cha imfa pa zaka zawo. Ndiyankhe onse pamodzi.

Ndiyambe ndi yomwe inandipsetsa mtima, app ina yolosera tsiku lomwalira. Mafunso mbwee: sikelo ikuti bwanji, mumasuta, mumamwa, mumagona maola angati. Ukayankha zonse, yankho lake amati uyambe walipira. Zoti ndalamazo azidula pa khadi mwezi ndi mwezi anazibisa m'timalemba ta pansi penipeni, ndipo batani losiyira kulipira unachita kulisakasaka. Katundu wake? Tsiku, mwezi ndi chaka, kenako wotchi yowerenga chobwerera. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Tebulo la imfa silidziwa munthu. Limangonena kuti mwa anthu 100,000 a msinkhu umodzi, angati sadzaona tsiku lawo lobadwa lotsatira.

Tebulo la Social Security Administration ya ku America ndi laulere ndiponso losavuta: amuna paokha, akazi paokha, chaka ndi chaka kuyambira 0 mpaka 119. Mukatsika nalo mzere muona zomwe katswiri wa masamu Benjamin Gompertz anapeza mu 1825, kuti munthu akakula chiopsezo chimawirikiza kawiri pafupifupi zaka 8 zilizonse. Koma ndi la Aamerika, komanso limatenga imfa za chaka chimodzi ngati kuti zinthu sizidzasintha.

Chowerengera cha pa intaneti cha Office for National Statistics ya ku Britain chimangofunsa zaka zanu ndi kuti ndinu mwamuna kapena mkazi, n'kukuuzani ngakhale mwayi wofika zaka 100. Ichi chimawerengera zoti anthu azikhala nthawi yaitali m'tsogolo. Kwa okhala ku Leeds kapena Manchester ndi chowayenera.

Human Mortality Database, nkhokwe ya matebulo a imfa a mayiko osiyanasiyana, ndi ya akatswiri, ndipo Malawi mulibe.

Ine mtima wanga uli pa World Population Prospects ya United Nations, ngakhale ndi yotopetsa. Mafayilo ake ndi aakulu, bandulo ya pafoni imaphwa ukuona. Koma Malawi, Zambia ndi Mozambique zilimo. Dziwani kuti manambala athu ndi ongoyerekeza, chifukwa maliro ambiri kumudzi salembedwa ku boma. Amadalira kalembera, monga wa 2018, ndi kafukufuku wa m'makomo. Ngakhale zili choncho, bola kuyerekeza kochokera kwathu kusiyana ndi nambala yolondola ya munthu wa ku Ohio, ku America.

Mukatsegula, musathamangire nambala yotchuka ija ya zaka zomwe mwana wobadwa kumene angakhale. Imfa za makanda zimaitsitsa kwambiri, ndipo inu a zaka 45 munapyola kale pamenepo. Pitani pa mzere wa zaka zanu, muwerenge pansi pa zilembo qx, zomwe zimaimira chiopsezo cha imfa pa msinkhu umenewo.