Axio kapena Mark X: Zomwe Ndaona Patatha Chaka ndi Miyezi

Chaka chatha ndalama zanga zinkakwana imodzi mwa galimoto ziwiri za saluni za ku Japan: Toyota Corolla Axio ya 2014, kapena Mark X ya 2010. Ndinasankha Axio, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Mark X sindinaiphonye kwenikweni, chifukwa alamu anga ali nayo ndipo timabwerekana pakakhala ukwati kapena maliro. Choncho zonse ziwiri ndaziyendetsa mokwanira, m'tauni ya Lilongwe komanso pa M1 popita kwathu ku Ntcheu.

Choyamba chomwe chimanyenga anthu ndi kukula. Mark X ndi yotalikirapo ndi masentimita opitirira 30, koma m'lifupi imaposa Axio ndi masentimita 10 okha. Axio ndi ya mamita 1.695 m'lifupi chifukwa ku Japan galimoto zosapitirira mamita 1.7 zili ndi gulu lakelake, ndiye opanga amaimira pomwepo. Anthu awiri akakhala kumbuyo kwa Mark X amakhala ngati mabwana, mawondo osagunda mpando wakutsogolo. Koma ndani kuno amanyamula anthu awiri okha kumbuyo? Ulendo wa kumudzi ukamveka, azakhali ali pomwepo, msuweni ali pomwepo, wina wanyamula mwana. Apa ndiye mwayi wa Mark X umachepa. Imakoka ndi matayala akumbuyo, choncho pansi pake pamadutsa chitsulo chopititsa mphamvu kumbuyoko, ndipo pakati pa mpando pali chitunda chachikulu. Wokhala pakati amatangadza miyendo kuyambira pa Bunda Turn-off mpaka ku Lizulu. Mu Axio mapewa amapanikizana, inde, koma wapakati amapeza popondetsa mapazi. Apongozi anga atakhala pakati mu Mark X anangoti, "Bambo, pobwerera mundikweze m'kanu kaja."

Pa msewu waukulu sindinganame, Mark X ndi ina. Injini yake ndi V6 (ya masilinda 6) ya malita 2.5 ndipo ili ndi magiya 6 a otomatiki. Pa zitunda za ku Dedza, thiraki ikamakwawa kutsogolo kwako, umangoponda pang'ono, wadutsa, wabwerera kumbali kwako. Ndi Axio ya malita 1.5, muli anthu asanu, ufa ndi zikwama m'buti, umayamba wawerengera mtunda. Giya yake ya CVT, mtundu wa otomatiki wopanda magiya owerengeka, imachititsa injini kulira kaye liwiro lisanabwere, ndipo phokoso limenelo sindinalizolowerebe. M'kati mwa Mark X mumacheza osakweza mawu. Mu Axio phula lokhakhala limamveka m'makutu, ndipo mphepo ya basi yaikulu ikakupitirira, chiwongolero chimagwedezeka. Ndikafika ku Blantyre pa Axio msana umandiuza kuti ndayenda makilomita opitirira 300. Pa Mark X ndimatsika n'kupita kumsonkhano osafuna kugona kaye.

Vuto n'lakuti maulendo ataliatali otero ndi a apo ndi apo. Moyo wanga weniweni ndi wochoka ku Area 25, kutula ana kusukulu, kukwawa pa mzere wa m'mawa, madzulo chimodzimodzi. Pamenepo mphamvu ya V6 imangothera kuima. Monga ndaonera ine, Axio m'tauni imandipatsa makilomita 13 kapena kuposerapo pa lita, pomwe ya alamu imavutika kufika 9. Pa M1 kusiyana kumachepako koma sikutha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa petulo unakwera nawo, ndipo kuyambira pamenepo kusiyana kwa malitawa kumaoneka pa bajeti ya panyumba mwezi uliwonse.

Alamu amakonda kunditsutsa ndi nkhani ya thanki. Yawo imalowa malita pafupifupi 70, yanga 42, ndiye amati nthawi ya mizere ya mafuta iwo amathira kamodzi n'kupuma. Zimamveka, koma tikawerengera mtunda womwe aliyense amayenda thanki isanaume, timangotsala pang'ono kufanana. Ndiye pali masiku aja omwe pa pampu amaika malire, aliyense athire za ndalama zakutizakuti basi. Tsiku lotero thanki yaikulu ilibe ntchito. Tonse timachoka ndi malita ofanana, ine ndimafika nawo Lachisanu, iwo Lachitatu akufunsa kale pa WhatsApp komwe kwafika thankala.

Ku galaja ndi komwe Axio yandisangalatsa kwambiri. Injini yake, 1NZ, ndi yomwe ilinso mu Fielder, Probox, Sienta ndi Ractis zambiri, ndiye makaniko aliyense wa ku Biwi anaitsegulapo, ndipo zipangizo zake sizisowa, zatsopano ngakhale zogwetsa. Mapulagi ndi 4, pomwe Mark X imafuna 6, ndipo oyilo mu Axio amalowanso wocheperapo. Matayala anga ndi a saizi 15, awo ndi a 16 okulirapo m'lifupi, ndipo pogula anayi kusiyanako kumapweteka. Kumbuyo kwa Axio kuli chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri, mabushi ochepa. Kwa Mark X tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake, n'chifukwa chake imayenda mofewa, koma maenje athuwa akaidya, zosintha zimachuluka. Chinthu chimodzi chomwe sindilola masewera pa Axio ndi oyilo wa giya. CVT imafuna oyilo wake, osati ATF, oyilo wa magiya a otomatiki wamba. Makaniko wina anali atatsegula kale kabotolo kofiira akuti "zonse ndi otomatiki, bwana", ndinamuimitsa pomwepo. Giya imeneyi ikafa, ambiri saikonza, amangoti gulani ina.

Pa mahampu ndi msewu wafumbi palibe yomwe ndingaiyamikire. Zonse ndi zofupika. Axio ikadzaza, kumbuyo kumakhala pansi, ndipo pa hampu yosongoka umamva kukhula. Mark X ili ndi mamita 2.85 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, Axio 2.6, choncho yaikuluyo ndi yomwe imakhudza mimba pansi msanga, mpaka alamu amadutsa mahampu chopingasa. M'dzinja, pa kamsewu kochoka pa phula kupita kumudzi, matope ofiira aja amaivinitsa Mark X kumbuyo. Axio, poti kulemera kwa injini kuli pa matayala omwe akukoka, imakwawa n'kutuluka, bola osaima pakati.

Msonkho wa MRA nawo umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho Mark X yooneka yotchipa pa intaneti imafika pakhomo itadula. Pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni pokha ndi pomwe timalipira mofanana. Za kugulitsanso, Axio anthu amandifunsa okha pamalo oimika galimoto, makamaka ofuna kuyendetsa takisi. Mark X imasiliridwa ndi ambiri, koma wogula amayamba wafunsa kuti imamwa bwanji.

Pali china chomwe sichilowa m'masamu. Ukafika pa ukwati ndi Mark X yakuda, anyamata olondolera galimoto amakupezera malo kutsogolo. Axio yoyera amaiyesa takisi, ndipo anthu andiimikapo pa Area 18 kufunsa mtengo wopita ku Gateway. Amene zoterezi zimamuwawa asadzinamize kuti azolowera.

Kwa munthu amene ntchito yake ndi ya pamsewu, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu sabata ndi sabata, makamaka ngati mafuta amathira ndi kuntchito, ndinganene kuti atenge yaikuluyo. Ine Axio ndikhala nayo. Ana akakula miyendo n'kuyamba kudandaula kumbuyo, ndidzayang'ana Premio kapena Allion ya malita 1.8: m'lifupi n'chimodzimodzi ndi Axio, koma ndi yotalikirapo ndipo malo a mawondo ndi ambiri. Anasiya kuzipanga mu 2021, ndiye zoyenda pang'ono zizinka zisowa komanso kudula.