Maola anayi pa bwato la namulondola ku Florida Keys: mtengo wake ndi wowawa, koma ntchito yake ndinaiona

Nditabwerera kwathu kuno ku Kasungu kuchokera ku America, kumene ndinakacheza kwa mwana wanga wamkazi ndi banja lake, anzanga amene timawedzera limodzi ku Bua anandilandira ndi funso limodzi: "Aphunzitsi, chinsomba tinachiona pa WhatsApp chija munachisiya kuti?" Nditawauza kuti tinachimasula n'kuchisiya m'madzi chili chamoyo, ndiponso kuti ulendo wokawedza wa maola anayi umenewo unadya madola opitirira 600, onse anangoti kukamwa yasa. Wamkulu wa tonsefe anapukusa mutu n'kunena kuti msodzi wobwera kumudzi chimanjamanja sakhala ndi nkhani yoti afotokoze. Funso lawo ndi lomveka, ndipo ndaona kuti ndilongosole bwinobwino chimene munthu amagula akalipira ulendo woterewu, makamaka poti Amalawi amene ali ndi ana ndi abale kumeneko akuchuluka, ndipo ena adzaitanidwa monga ndinaitanidwira ine.

Anakonza zonse ndi mkamwini wanga, amene ankadziwa kuti mbedza ndinayamba kuigwira ndili mnyamata. Tinanyamuka ku Miami usiku kusanache m'mwezi wa Meyi, n'kutsata msewu wa Overseas Highway umene umalumikiza tizilumba ta Florida Keys ndi milatho 42 mpaka ku Key West. Ife tinaima pa Islamorada patatha pafupifupi maola awiri. Dzina la mwini bwato sinditchula, chifukwa pali zina zimene ndidandaule m'munsimu, koma anali bambo wachikulire wopsa ndi dzuwa, wa mawu ochepa, amene aliyense padokopo ankamutchula kuti kaputeni. Anthu ogwira ntchito imeneyi amakhala ndi chiphaso cha U.S. Coast Guard, nthambi ya boma la America yoyang'anira za panyanja, chowalola kunyamula anthu olipira, ndipo laisensi yawo yowedzera imakwanira onse amene akwera bwatolo, moti mlendo safunika kukadula yake. Ndodo, zingwe, mbedza, nyambo, madzi akumwa ndi ayezi zonse zinali m'mtengo womwewo.

Bwatolo linandidabwitsa ndi kuchepa kwake. Ndinkayembekezera chombo chonga zimene timaona ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay, koma ndinapeza kabwato kosalala pansi, kokwana alendo awiri okha, kokhala ndi kansanja pamwamba pa injini. Chifukwa chake ndinachimvetsa titafika powedzera. Nyanja ya kumeneko, ngakhale ndi yotakata mpaka kosaoneka malire, malo ambiri madzi ake amalekeza m'mawondo kapena m'chiuno, ndipo pansi pake pali udzu wa m'madzi ndi mchenga woyera, kwinaku tizilumba ta mitengo ya mangrove, yomwe mizu yake imaima m'madzi amchere, tili apo ndi apo. Kaputeni anazimitsa injini tikadali patali, n'kukwera pakansanja kaja atagwira mtengo wautali pafupifupi mamita asanu ndi limodzi, ndipo anayamba kukankha bwato mwakachetechete monga amachitira anthu a ku Chilwa akamaponda ngalawa zawo m'matope. Anatichenjeza kuti tisamenyetse phazi kapena chivundikiro cha bokosi, pakuti m'madzi osaya nsomba imamva kugunda kulikonse ndipo imathawa isanaoneke n'komwe.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ndalama zija sitinalipirire bwato kapena mafuta ayi, tinalipirira maso ndi mutu wa munthu amene anaima pakansanjayo. Madzi a nyanja yamchere amakwera ndi kutsika potsatira mwezi, ndipo nsomba zimayenda motsatira kukwera ndi kutsikako, kotero malo amene ali ndi nsomba nthawi ya 7 koloko amakhala opanda kanthu ikamakwana 9 koloko. Iye ankadziwa ngalande imene nsomba zidzere madzi akayamba kubwerera, ndipo anatiimika pakamwa pake nthawi isanakwane. Ankaloza malo poyerekeza ndi manambala a wotchi, kutsogolo kwa bwato kukhala 12 koloko, ndipo ankati akanena kuti nsomba zitatu zikubwera cha ku 11 koloko, ine ndinkangoona madzi obiriwira basi, ngakhale anali atandibwereka magalasi ochotsa kunyezimira kwa dzuwa. Pankapita kamphindi ndithu kuti mithunzi yakudayo ndiione nanenso.

Nsomba imene tinadzera imatchedwa tarpon, ndipo eni dziko amaitchula mfumu yasiliva chifukwa cha mamba ake owala, akuluakulu moti limodzi limatsala pang'ono kudzaza chikhatho cha mwana. Imakhala m'nyanja ya Atlantic mbali zonse ziwiri, ya America ndi ya kumadzulo kwa Africa, ndipo yaikulu koposa imene inalembedwa m'kaundula wa asodzi a mbedza inagwidwa kuno kwathu ku Africa, ku Guinea-Bissau, m'chaka cha 2003, yolemera makilogalamu pafupifupi 130. Imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 50. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chakuti imapuma mpweya wakunja monga mlamba wathu. Aliyense amene anakhalapo m'mbali mwa thamanda m'mwezi wa Okutobala amadziwa mmene mlamba umatulukira pamwamba kudzameza mpweya madzi akachepa, ndipo tarpon imachitanso chimodzimodzi, kungoti iyo imagubuduka pamwamba pa madzi msana wonse n'kuonekera. M'mawa umenewo kunali bata, ndipo tinkamva kupuma kwake tisanaione. Miyezi ya Epulo mpaka Julayi ndi imene zimasonkhana zambiri m'mphepete mwa Florida zisanapite kukaswana kunyanja yakuya, ndipo n'chifukwa chake mabwato a anthu odziwa ntchito amadzaza miyezi ingapo nyengoyo isanafike.

Nyambo yathu inali nkhanu yamoyo, yaying'ono ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, yokoledwa m'mphepete mwa chigoba pa mbedza yopindikira mkati ngati mphete. Mbedza yotereyi siifuna kuti munthu akoke mwadzidzidzi nsomba ikadya, monga tinazolowerera pa chambo ndi mlamba, koma angokulunga chingwe mpaka chitakungika, ndipo imadzikola yokha pangodya ya kamwa osati m'mimba. Dzanja lozolowera silimva malangizo msanga, moti nsomba yoyamba ndinailanda nyambo m'kamwa. Yachiwiri inakola, ndipo inatuluka m'madzi yonse yathunthu, yaitali ngati munthu wamkulu, ikupukusa mutu mwamphamvu moti phokoso lake linamveka ngati munthu akugwedeza chitini cha miyala. Kaputeni anafuula kuti ndiweramire mfumu, kutanthauza kuti nditsitse ndodo ndi kuilozetsa kwa nsombayo kuti chingwe chikhwefuke pamene ili m'malere, koma ndinachedwa, ndipo mbedza inalavulidwa. Sanandikalipire. Anangondifotokozera kuti m'kamwa mwa tarpon ndi mouma ngati fupa, ndipo ngakhale akatswiri amataya zambiri kuposa zimene amafikitsa pabwato.

Yachitatu ndinalimbana nayo pafupifupi mphindi 40, ndipo pa mphindi zimenezo ndi pamene ndinamulemekeza munthu uja. Ine ndinkafuna kuilekerera kuti itope yokha, koma iye anakana, n'kundilamula kuti ndikoke mwamphamvu chammbali, ikalowera kumanja ine ndikokere kumanzere, kuti nkhondoyo ithe msanga. Anati nsomba yolimbana nthawi yaitali imafooka kotheratu, ndipo shaki zikuluzikulu zimene zimatsatira magulu a tarpon nyengo imeneyi zimaipeza mosavuta ikangomasulidwa. Mkamwini wanga, amene sayankhula zambiri pamaso panga monga mwa ulemu wa kwathu, tsiku limenelo anaiwala zonse n'kumafuula kuti, "Limbani bambo, yatopa imeneyo!" Itafika pambali pa bwato, kaputeni anavala magolovesi, n'kugwira chibwano chake cham'munsi, n'kuchotsa mbedza nsombayo ili m'madzi momwemo. Malamulo a Florida, kuyambira mu 2013, amati tarpon ndi yogwira ndi kumasula basi, kupatula kwa munthu amene wagula chiphaso chapadera pofuna kuphwanya mbiri, ndipo iliyonse yopitirira mainchesi 40, omwe ndi mita imodzi ndi pang'ono, siiloledwa kuivuula m'madzi. Ndinapempha kuti andizulire mamba limodzi loti ndikaonetse anzanga kumudzi, koma anakana mwaulemu, nati pamalo pozulidwapo pamasanduka bala. Kenaka analiza injini pang'onopang'ono ataigwirabe, kuti madzi azidutsa m'kamwa mwake, mpaka inamenya mchira yokha n'kumuthawa m'manja.

Ndili chiimire pamenepo ndinakumbukira mpasa wa mu Bua, umene umachoka ku nyanja ya Malawi kukwera mtsinje kukaikira mazira. Amene tinakula tikuuona tikudziwa mmene wachepera chifukwa cha kutchinga mtsinje ndi miono, kuthira katupe ndi kukokolola ndi maneti a udzudzu. Sindikunena kuti munthu wa njala amasule ndiwo zake, pakuti tarpon ili ndi minga yambiri ndipo a ku America saidya n'komwe, pamene mpasa ndi ndiwo yapamwamba. Koma ndinaona ndi maso anga munthu amene chakudya cha banja lake chimadalira kuti nsomba yomweyo ikhalepobe chaka chamawa, ndipo ankaisamala monga mlimi wa kuno amasamalira ng'ombe yokoka ngolo.

Ola lomaliza tinalipereka kwa shaki, ndipo mbali imeneyi inandisangalatsa pang'ono poyerekeza ndi yoyamba ija. Kaputeni anaimika bwato pamchenga posaya, n'kumangirira nsomba yakufa yong'ambidwa pambali kuti fungo lake liyende ndi madzi, ndipo posakhalitsa zipsepse zinayamba kuoneka zikubwera motsatira fungolo. Kuona shaki yaitali mamita awiri ikudutsa m'madzi olekeza m'mawondo, maso ake akuoneka bwinobwino, ndi chinthu choti munthu saiwala, koma luso lake ndi lochepa, chifukwa nsombayo imabwera yokha ndipo nyambo siikana. Imene ndinagwira inali ya mtundu wa lemon shark, yachikasu motuwa, yomwe ndi yotetezedwa m'madzi a Florida ndipo siiloledwa kuphedwa. Inakoka molemera ngati thumba la fetereza, yosadumpha, ndipo inamasulidwa ndi chitsulo chachitali chochotsera mbedza, manja ali patali ndi mano. Kaputeni atatchula bull shark, ndinamuuza kuti kuno timaidziwa ndi dzina la Zambezi chifukwa imatha kulowa m'madzi opanda mchere n'kukwera mtsinje umene Shire wathu amathiramo, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anandifunsa mafunso iyeyo.

Zodandaula zilipo, ndipo woganiza zopita azidziwiretu. Pabwato loterolo palibe mthunzi ngakhale pang'ono, palibenso chimbudzi, ndipo zimenezi sizinalembedwe paliponse pamene mkamwini wanga ankasungitsa malo pa intaneti. Kwa munthu wachikulire, kapena kwa mayi, nkhani imeneyi si yaing'ono, ndipo inayenera kunenedwa poyera. Dzuwa la kumeneko limawomba kuchokera kumwamba ndi m'madzi momwe, moti khungu lathu lakuda nalonso limapsa, ndipo ine mapazi anandiwawa masiku atatu chifukwa ndinavala nkhwaira. Chachiwiri ndi ndalama yothokozera, imene mwambo wa kumeneko umati ikhale 15 kapena 20 pa 100 iliyonse ya mtengo wonse. Eni dziko amaidziwa, koma mlendo amangoizindikira padoko, ndipo ndikuona kuti munthu wochita malonda ndi alendo ochokera kutali ayenera kuitchula pa mtengo pomwepo. Chachitatu n'chakuti kaputeni ankayankhula mothamanga ndiponso ankagwiritsa ntchito mawu a ntchito yake osawamasulira, ndipo malangizo a kuweramira nsomba aja anawapereka nsombayo ili kale m'malere. Akanatenga mphindi zisanu padoko kutiphunzitsa, mwina yachiwiri ija sikanapulumuka.

Maola anayi ndi ochepa. Mukachotsapo ulendo wopita ndi wobwerera, komanso nthawi yodikira kuti madzi atembenuke, yowedza yeniyeni imatsala yosakwana maola atatu, ndipo tsiku la mphepo, pamene madzi avunduka, munthu angathe kubwerera osaona ngakhale msana wa tarpon, ndalama zitapita. Kaputeni wathu ananena zimenezi tisanakwere, ndipo ndinamukhulupirira chifukwa sanatilonjeze nsomba. Munthu amene akungofuna kuona nyanja ndi kujambula zithunzi apite pa mabwato akuluakulu onyamula anthu ambiri, amene mtengo wake ndi wotsika kwambiri ndipo ena amalola kutenga nsomba zodya. Koma kwa msodzi weniweni, amene amatha kukhala m'mbali mwa Bua kuyambira m'bandakucha akuwerenga madzi, ndikanati asunge ndalama za tsiku lathunthu, asankhe Meyi kapena Juni, afunse za chimbudzi ndi za ndalama yothokozera asanalipire, ndipo auze kaputeni kuti nthawi yonse ipite ku tarpon. Mwana wanga wanena kuti ndidzabwerenso mdzukulu wanga akamadzamaliza sukulu ya pulayimale, ndipo ndamuuza kale mkamwini kuti adzafunefune bambo yemwe uja, ndiponso kuti mnyamatayo adzakwere nafe.