Ndemanga: kiti ya Swedish weaving pa monk's cloth, ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5

Swedish weaving ndi kasokedwe kokongoletsa nsalu ndi wulu, ndipo kiti ndi paketi ya zipangizo zake. Kitiyi ndinagula pa intaneti kwa mayi wina wogulitsa zolukaluka kuno ku UK, ndimafuna choti ndizichita madzulo nthawi yozizirayi poti kuno 4 koloko kwada kale ndipo TV inali itandikwana. Kabulangete kake ndamaliza nde ndati ndilembeko kuti amene mukuganiza zogula mudziwiretu zomwe mukalandire.

Mu paketi munali nsalu ya monk's cloth ya kirimu, wulu wa acrylic mitundu inayi, singano imodzi yobuntha yophwathalala ija amati bodkin, ndi pepala la patani. Basi. Mapini, sizasi ndi tepi yoyezera mupeze nokha.

Nsaluyo ndiye yandisangalatsa kwambiri. Ndi ya thonje lokhalokha, yokhuthala koma yofewa, ndipo ukaiyang'anitsitsa ulusi wake umayenda unayi unayi, inayi yopingasa inayi yoimirira, kudutsana ngati mmene amalukira lichero. Timabokosi take timakhala 7 kapena 8 pa inchi imodzi, tikuluakulu ndithu moti olo maso anu anayamba kuvuta muziona bwinobwino. Ntchito yonse ili pa ulusi woimirira uja, mumangolowetsa singano pansi pa ulusi unayiwo nkukoka wulu, kuwerenga kukwera atatu kapena kutsika awiri monga patani ikunenera, nkulowetsanso. Singano siboola kupita kuseri ayi, nde mukatembenuza bulangete kumbuyo kuli mbee, wulu saoneka, mfundo palibe. Mnzanga wina wa ku ntchito anaitembenuza kangapo konse akufunafuna pamene ndinamangira.

Apa ndikuchenjezeni amene mukufuna kugula nsalu payokha. Masiku ano mukasaka monk's cloth mmashopu a pa intaneti zambiri zomwe zimabwera ndi za punch needle, luso lina lobaya nsalu ndi singano yolowetsa wulu, nsalu yake ndi ija ili ndi timizere toyera komanso timaso ting'onoting'ono. Imeneyo si yake, wulu wonenepa sadutsamo bwino. Funsani kaye ngati ili 7 count, kutanthauza timabokosi 7 pa inchi, ndipo chifukwa chimodzi chomwe ndinasankhira kiti ndi chimenechi, kuti nsalu akhale atandisankhira kale munthu wodziwa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri ndipo choyambacho chinandikwiyitsa. Pepala la malangizo silinena paliponse kuti nsalu muyambe mwachapa. Koma thonje limeneli limabwerera kwambiri likalowa mmadzi, pomwe wulu wa acrylic sabwerera, nde tangoganizani munthu wasoka bulangete lonse masabata angapo, kenako wachapa, nsalu yafupika wulu watsala mmene analiri, patani yonse yangoti lendelende. Ine mwayi ndinali nditamvapo kale kwa anthu ena ochita zimenezi. Komanso musanachape muyendetse zigizagi mmphepete monse pa mashini, kawiri ngati nkotheka, chifukwa nsalu imeneyi kuyoyoka kwake si masewera, kungoigwira mmphepete ulusi wayamba kale kutuluka. Opanda mashini pitani nayo kwa telala, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Zonsezi wogulitsa akanatha kulemba mizere iwiri yokha.

Chachiwiri wulu wobiriwira anandithera mizere ingapo isanathe. Ndinalemba uthenga, anayankha mwaulemu nkunditumizira wina osandilipiritsa, apo ndiwayamikire, koma mtundu wake unasiyanako pang'ono ndi woyamba. Wina sangazindikire, ine ndimaona tsiku lililonse.

Patani yake ndi ya madayamondi ndi timapiri tokwera nkutsika, ndipo pepala lake analijambula bwino, lowerengeka. Mumayambira pakati penipeni pa nsalu, mupinde kawiri mupeze pakati nkuikapo pini. Wulu mumayeza ndi mulifupi mwa nsaluyo, mzere wongowongoka umafuna wochepa, wokwerakwera umatha kudya kuwirikiza kawiri kapena katatu. Theka la wulu mumasokera kumanja, theka linalo kumanzere, nde patani imathera mofanana mbali zonse. Mzere woyamba ndi umene umatopetsa mutu chifukwa mukuwerenga kabokosi kalikonse, foni ikalira mwasokonezeka kale. Ukangokhala bwino umenewo enawo mumangotsatira, moti kuyambira pamenepo ndimasoka uku ndikucheza pa WhatsApp ndi achemwali kumudzi. Dzanja likhale lofewa, mukamakoka kwambiri nsalu imakwinyika ndipo ayironi sangakonze zimenezo. Ine ndimayala patebulo mzere uliwonse ukatha nkusisita ndi chikhatho kuti ndione ngati yagona bwino.

Singano ya bodkin poyamba ndinkaiona ngati yachabechabe koma ndiyabwino kuposa yobuntha wamba ya tapestry, imanyamula ulusi unayi onse nthawi imodzi osang'amba pakati. Vuto ndi loti anaika imodzi yokha ndipo ikagwera mu sofa mwagona osasoka.

Amene munazolowera kuluka madoilo kapena majuzi izi muziona zophweka kwambiri, olo mwana wa sitandade 6 akhoza bola akhale wodekha powerenga. Akuti ku America Swedish weaving inatchuka kwambiri mma 1930 ndi 1940, amayi ankakongoletsera matawulo a kukhitchini pa nsalu ina yotchedwa huck, nchifukwa chake ena amati huck embroidery, mukamasaka mapatani yesani mayina onse awiri.

Mmphepete ndinamaliza ndi mphonje, ndinasoka zigizagi mkati pang'ono kenako nkusolola ulusi wopingasa mpaka pamzerewo. Zinyalala za ulusi zinali mbwee pakapeti koma zinatuluka bwino. Ndachapa kale mmashini ndi madzi ozizira, mtundu sunasuluke ndipo wulu sanasunthe.

Mtengo ndi wokwererapo mukayerekeza ndi kugula zinthuzi pazokhapazokha, nde ulendo wina ndingogula nsalu ya pa mita ndi wulu wanga wonenepa pang'ono uja amati aran poti patani ndili nayo kale. Koma woyamba kumene gulani kiti, ndipo muuzeni wogulitsayo aonjezere wulu wa mtundu umene ukupezeka kwambiri mu patani asanatseke paketi.